Mutu 6: Mbande za Pansi pa Bedi

1. Makapu a yogati

M'nyumba imene kale munali anthu anayi munatsala awiri, ndipo mwa awiriwo mmodzi ankangobwera kudzagona.

Mtsikanayo aliyense ankamuitana kuti Mzime, poti ndiye anali womaliza kubadwa. Anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Mayi ake anamwalira iye akuyamba kumene sukulu. Bambo ake anali dalaivala wa basi. Ankachoka kusanache n'kubwera kutada, atatopa moti nsapato ankavula maso ali chitsinzinire. Achimwene ake, amene anthu anawapatsa dzina loti Wamtali chifukwa choweramira pakhomo lililonse, anali atapita kukayamba ntchito ku kampani yomanga misewu, kutali ndithu.

Kuseri kwa nyumba kunali kadimba. Anakayambitsa ndi Mayi. Iwo atapita, Achimwene anangotola khasu n'kupitiriza, chaka ndi chaka, osauzidwa ndi munthu.

Tsiku loti mawa lake anyamuka, Achimwene anamuitanira Mzime kukhitchini. Pathebulo panali makapu akale a yogati, thireyi ya pulasitiki, beseni la dothi losefa losakaniza ndi manyowa, ndi kapepala ka nyuzipepala kamene anaumitsirapo njere za matimati ndi za tsabola za chaka chatha.

"Dothi lili mbwee panjapo," anatero Mzime. "Mukulilowetseranji m'nyumba? Azakhali akabwera atimaliza."

"Panja kudakali chisanu. Sunaone udzu m'mawa, uli mbuu? Tikafesa kumeneko zipsa zisanatsegule n'komwe maso. Tiyambira muno mofunda, kuti kunja kukamadzafunda ife tidzakhale tili kale ndi mbande. Boola makapuwo kunsi, madzi azituluka. Osati ndi mano, iwe! Msomali uwo."

Mzime anaboola. Achimwene anadzaza dothi, osalitsendera.

"Kadzenje kake kangolowa nsonga ya chala, basi. Ukakwirira mozama njere imatopera m'njira. Madzi uzithira m'thireyi, dothi lizimwa lokha kuchokera kunsi. Zisanamere zikhale pamwamba pa filiji, pamakhala pofunda. Zikangomera, pazenera. Ndipo thireyi uziitembenuza tsiku ndi tsiku, apo ayi zonse zipendekera mbali imodzi ngati anthu a pasiteji akusuzumira basi ya Bambo."

"Nanga kuwokera?"

"Kumeneko usakhudzeko. Kuwokera ndi ntchito ya anthu awiri, wina akukumba, wina akuika. Kukangofunda ndibwera, tidzawokera limodzi."

"Mukunama."

"Ndikanama ndifupike."

Mzime anaseka mpaka msomali unagwa pansi. Mawa lake anadzuka n'kupeza bedi la Achimwene litayalidwa bwino kuposa masiku onse.

2. Zamera

Njere zinamera Mzime ali kusukulu.

Anatsegula chitseko ndi kiyi wake wa pachingwe, n'kuponya chikwama pampando. Atakwera pampando wina kuti aone pamwamba pa filiji, anapeza timitu tobiriwira titapinda makosi, tikudzikoka m'dothi. Anatembenuka kuti auze munthu. Munalibe munthu. Anauza ketulo.

Anasamutsira thireyi pazenera la kukhitchini, pamene dzuwa linkafika m'mawa. M'makapu ena munamera ziwiri, mwina zitatu. Zofooka anazidula ndi sizasi monga anauzidwira, ngakhale dzanja linkachita ngati likukana.

Kuyambira pamenepo, akaweruka kusukulu sankafikanso m'nyumba yopanda kanthu. Ankati akalowa, "Mwaswera bwanji nonse?" Mbande sizinkayankha, komatu ngakhale Bambo masiku ambiri ankangoyankha ndi mutu. Ankapisa chala m'dothi, kuthira madzi m'thireyi, kuitembenuza, kenako n'kulembera homuweki yake pambali pake.

Lamlungu masana Achimwene ankaimba pafoni ya Bambo. Bambo ankafunsa za moyo ndi za chakudya, n'kupereka foni kwa Mzime.

"Zamera!"

"Zonse?"

"Kupatula makapu awiri. Amenewo munafesa ndinu."

"Bodza, amenewo ndi aja unaboola ndi mano."

Anzake a m'kalasi ankabwera pageti ndi mpira kudzamutenga. Lamlungu ankakana chifukwa cha foni. Kenako anayamba kukana ndi masiku ena omwe. Ankati ali ndi zochapa.

Mafoni aja anayamba kufupika. Achimwene anati msasa wawo wasamukira kumalo kumene netiweki amachita kukwerera paphiri. Mawu awo ankamveka otopa, ndipo nthabwala zinachepa.

Kunja kunayamba kufunda. Udzu unasiya kuyera m'mawa. Mitengo ya m'mbali mwa msewu inaphukira. A nyumba yoyandikana nayo anatulutsa mbande zawo, bambo akukumba, mayi akuika, mwana wawo akupondaponda zomwe aika. Mzime ankawaonera pazenera.

Mbande zake zinali zitatulutsa masamba enieni, amanomano, onunkhira matimati ukawakhudza. Tsiku lina ananyamula kapu imodzi n'kuona timizu toyera titasuzumira pachiboo.

Lamlungu lotsatira sanadikire n'komwe moni.

"Achimwene, zakula. Mizu yatulukira kunsi. Mubwera liti?"

Mufoni munamveka mphepo, ndi munthu wina akukuwa chapatali.

"Posachedwa, Mzime. Ndikuyesetsa. Uziuze zindidikire."

Foni inaduka. Imeneyo inali foni yomaliza.

3. Chipinda cha Achimwene

Kusukulu anali ataphunzira kuti mbewu imakula ndi zinthu zitatu: kuwala, madzi ndi kufunda. Aphunzitsi analemba pabolodi, ndipo pamayeso Mzime anakhoza.

Tsopano anaiwerenga nkhaniyo chobwerera. Ngati zitatuzo ndizo zimakulitsa mbewu, ukazichotsa ndiye kuti siikula. Siifa ayi. Ingoima ngati basi pasiteji, mpaka wokwera afike.

Chipinda cha Achimwene chinali chozizira kuposa zonse, ndipo katani lake linali lotseka kuyambira tsiku limene ananyamuka. Mzime ananyamula thireyi ndi manja awiri, n'kuyenda nayo pang'onopang'ono pakolido. Anagwada, n'kukankhira pambali nsapato zakale za mpira, n'kuilowetsa pansi pa bedi mpaka kukhoma.

"Mukhale kaye kuno," anaziuza. "Si chilango."

Madzi anachepetsa. Ankangodontheza pang'ono kuti dothi lisachite kung'aluka.

Madzulo ake Bambo anakhala pathebulo ndi kapu yawo ya tiyi. Anayang'ana pazenera kwa kanthawi.

"Mbande zija zapita kuti?"

"Zikupuma."

"Oho."

Anamwa tiyi. Sanafunsenso. Bambo anali munthu woti chitseko akachipeza chotseka amachisiya chotseka.

Masiku oyamba Mzime anaona ngati nzeru yake yagwira. Akasuzumira pansi pa bedi, masamba atsopano kunalibe. Anadziyamikira yekha. Koma khitchini inabwereranso mwakale, zii. Akaweruka ankaima pakhomo osadziwa woti amupatse moni. Homuweki anayamba kulembera m'chipinda cha Achimwene, atakhala pansi, msana atatsamira bedi.

Lamlungu linafika, foni osalira. Linafikanso lina, chimodzimodzi. Bambo ankaiika pathebulo pafupi ndi mbale yawo, n'kumaitembenuza ndi chala.

Mumdima wa pansi pa bedi zinthu sizioneka bwino. Mzime ankaona ngati mbande zayamba kutalika, koma ankadziuza kuti ndi mthunzi chabe. Thireyi sankaikokera poyera.

4. Tsache la Azakhali

Loweruka lina kunabwera Azakhali, mlongo wawo wa Bambo. Ankagwira ntchito yochapa ndi kuyala zofunda kuchipatala, ndipo akapeza mpata ankabwera kudzaona ngati nyumba ya mlongo wawo idakali nyumba ya anthu. Ankalowa akulankhula, n'kutuluka akulankhula.

"Fumbi ili mukulisungira ndani? Mukufuna mudzagawane? Mzime, mabulangete onse panja! Ndipo chipinda ichi mwachitsekera chiyani, muli mkango?"

Mzime anali kubafa akutunga madzi pamene anamva tsache likugunda pulasitiki. Kenako kunachita bata, chinthu chosazolowereka Azakhali akakhala m'nyumba.

"Mzime! Tathamanga kuno. Pansi pa bedi pali odwala."

Anapeza katani litatsegulidwa, thireyi ili pakati pa chipinda. Aka kanali koyamba kuiona poyera. Mbande zinali zitatalika kuwirikiza, zowonda ngati ulusi, zachikasu. Zonse zinagonera mbali imodzi, kumene kunkalowera kakuwala ka pansi pa chitseko. Zina zinali zitathyoka m'chiuno, zili lobodo pamilomo ya makapu.

"Kutalikaku zatengera mwini wake," anatero Azakhali. "Koma mtundu uwu ndi wa kuwodi. Wazitani?"

"Ndimafuna zidikire Achimwene."

"Zitani?"

"Anati ndiziuze ziwadikire. Ndiye ndinazichotsa padzuwa kuti zisakule."

Azakhali anapukusa mutu. Anakhala pabedi, tsache lili pamiyendo.

"Khala pansi apa undimvere bwino, chifukwa sindibwereza. Chinthu chamoyo sichidziwa kuima. Wailesi ungathe kuizimitsa, mawa n'kuiyatsa, iyamba kulankhula ngati palibe chachitika. Mbewu si wailesi. Ukaimana kuwala siikhala pansi n'kupinda manja. Imanyamuka kukakufunafuna. Mphamvu zonse zimene ikanalimbitsira tsinde ndi mizu imazithera pa kutalika. Taona iyi. Yaitali bwino, koma singathe kunyamula ngakhale mutu wake womwe.

"Ine kuchipatala ndimayala mabedi a anthu amene agona miyezi. Abale awo amabwera n'kumati, akupuma, adzadzuka mmene analili. Bodza limenelo. Munthu akagona nthawi yaitali miyendo imatha, ndipo tsiku lodzuka amachita kuphunziranso kuyenda ngati khanda. Nthawi siigona nawe pabedi, mwana wanga. Iwe uli gone, iyo ikupita.

"Ndipo ndisakubisire, si mbande zokha zimene ndapeza pansi pa bedi m'nyumba muno. Anzako ndakumana nawo pamsewu ali ndi mpira. Akuti masiku ano ukumawayankhira pazenera ngati wogulitsa matikiti. Tadziyang'ana pakalilole. Khosi latalika, nkhope yatuwa, maso ali kugeti."

Mzime anali zyoli. Mwadzidzidzi ananyamula thireyi n'kulunjika pakhomo.

"Ukupita nazo kuti?"

"Padzuwa."

"Bwerera! Iwe mwana wa dalaivala, mutu wako uli ndi magiya awiri okha, kuima ndi kuthamanga? Ika pansi."

Mzime anaika.

"Izi zakhala mumdima, khungu lake ndi lanthete. Ukaziika padzuwa la masana lino, pamene ndizimaliza kuchapa bulangete limodzi zikhala zitapsa. Uyambire pazenera pomwe paja, ndipo uzipatse madzi okwanira. Zikayamba kubiriwira uzitulutse pakhonde, pamthunzi, kanthawi kochepa, zilawe mphepo. Kenako kadzuwa ka m'mawa. Tsiku lililonse uziwonjezera pang'ono, madzulo n'kulowetsa. Ngakhale mbande zabwinobwino zokulira m'nyumba zimafuna kuzizoloweretsa choncho, ndiye kuli bwanji odwala akowa?

"Tsabolayu ndamukayikira, uyu sakhululuka. Koma matimati ndi achifundo. Tsinde lake ukalikwirira limatulutsa mizu paliponse pamene lakhudza dothi. Ndiye powokera uthothole masamba am'munsi, uzigoneke m'kangalande, uzikwirire mpaka m'khosi, kungotsala mutu. Kutalika kumene kwaziwonongaku kusanduka mizu. Uwokere madzulo, dzuwa litafooka, n'kuthirira pomwepo. Koma mwezi uno usathe zidakali m'makapu. Ukatha, ungotaya."

"Achimwene anati kuwokera ndi ntchito ya anthu awiri."

"Sananame. Akabwera muwokere awiri, ine ndidzaombera m'manja. Nanga akapanda kubwera? Ine Loweruka lomaliza ndili kuntchito, bambo ako ali pamsewu. Ndiye uganize bwino chimene ukufuna kudzamuonetsa tsiku limene adzalowe pageti apo. Dimba la matimati, kapena makapu a dothi louma ndi mawu oti ndinakudikirani? Lonjezo anapangana ndi iwe, sanapangane ndi mbande. Iwe ungathe kudikira. Izi sizingathe."

Anaimirira n'kugwira tsache.

"Tsopano choka pamenepo, wakhalira fumbi langa."

5. Kutulutsa ndi kulowetsa

Mzime anachita monga anauzidwira. Thireyi inabwerera pazenera. Zothyoka anazichotsa. Patapita masiku, chikasu chija chinayamba kutha, kuyambira kunsonga.

Kenako inayamba ntchito yotulutsa ndi kulowetsa. Akaweruka ankaika thireyi pakhonde, kuseri kwa chidebe kuti mphepo isazikankhe kwambiri, iye n'kukhala pambali pake ndi buku. Mbande zinkanjenjemera ngati ana amene awatulutsa kubafa. Pakutha pa sabata zinasiya kunjenjemera. Matsinde anakhuthala pang'ono n'kumera tiubweya.

Tsabola yense anafa. Mzime anakhuthulira dothi lake m'dimba, n'kutsuka makapu, n'kuwasanja mukabati. Sanauze munthu.

Popeza tsopano ankakhala pakhonde, anzake akamadutsa ankamuona.

"Eee, wazuka!" anakuwa mmodzi. "Tinkayesa unasamuka."

"Ndikulera ana."

"Anawo samwa madzi okha? Tikusowa munthu wa kumbuyo, akungotichinya."

"Ndibwera. Ntchito ithe kaye."

Lachisanu lomaliza la mweziwo Bambo anabwerako msanga. Atatha kudya, Mzime anachotsa mbale n'kuima pafupi ndi mpando wawo.

"Bambo, tayesaninso nambala ya Achimwene."

Bambo anaimba. Anayankha ndi mayi a mufoni aja, kunena kuti nambalayo sikupezeka. Anaimbanso. Mayi omwewo.

"Ntchito ya misewu ndi yosamukasamuka," anatero Bambo. "Mwina ali kumene kulibe phiri."

Anaiyang'ana foniyo nthawi yaitali asanaiike m'thumba.

"Ndikawokera ndekha, adzakwiya?" anafunsa Mzime.

Bambo anazunguza kapu pathebulo. Mzime anaganiza kuti ayankha ndi mutu ngati masiku onse. Koma analankhula.

"Ine pasiteji ndimadikira munthu amene ndikumuona akuthamanga. Ameneyo ngakhale okwera adandaule, ndimamudikira. Koma pali wina amene ndimadziwa kuti amakwera tsiku lililonse, ndiye tsiku lina osamuona. Ndimaimba hutala. Ndimayang'ana pagalasi. Ndimayang'ananso. Kenako ndimanyamuka. Si kuti ndamuda ayi. M'basimo mulinso anthu."

Anamwa tiyi wotsala.

"Ndipo mawa lake ndimadutsanso pomwepo."

M'mawa Mzime atadzuka anapeza Bambo atapita kale. Pakhomo la kuseri panali khasu la Achimwene, limene kale linkagweduka. Wina anali atalikhoma bwino mumpini n'kulinola.

6. Ntchito ya anthu awiri

Loweruka limenelo Mzime anachapa, anakolopa, kenako anakakhala pamwala wa pageti. Kuchokera pamenepo siteji inkaoneka. Basi iliyonse ikaima ankaimirira. Ankatsika amayi a zikwama, ana a sukulu, bambo wina wonyamula matiresi pamutu. Munthu woweramira pakhomo la basi sanatsike.

Mthunzi wa mpanda unachoka kumapazi kwake n'kuwoloka msewu. Dzuwa linayamba kufooka. Basi ina inaima, n'kutsitsa gogo mmodzi, n'kupita.

Mzime analowa m'nyumba, navula nsapato, nanyamula thireyi.

M'dimba anaima kaye, khasu lili m'manja. Wina akukumba, wina akuika. Anayesa kukumba ndi dzanja limodzi kapu ili kwinako, dothi n'kubwerera m'dzenje. Anaika kapu pansi.

Ndiye anayamba wakhala Achimwene. Anakumba tingalande tonse, mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu, n'kuwazamo manyowa. Atafika kumapeto anatsamiritsa khasu kumpanda, n'kubwerera poyambira kudzakhala Mzime.

"Mizere yanu yakhota," anatero.

"Yakhota ndi maso akowo," anadziyankha ndi mawu okhuthala. "Ika, kukuda."

Anaseka pang'ono. M'dimbamo kuseka kwa munthu mmodzi kunamveka kochepa kwambiri, ndiye anasiya.

Ankatenga kapu, n'kuika tsinde pakati pa zala, n'kuizondotsa, n'kuimenya kumbuyo. Dothi linkatuluka lathunthu, litakulungidwa ndi mizu yoyera. Ankathothola masamba am'munsi, n'kugoneka tsinde lalitalilo m'kangalande, n'kulikwirira mpaka m'khosi, n'kutsendera ndi zikhatho. Pamwamba pankangotsala kamutu kobiriwira. Mbande imene m'kapu inkaoneka ngati chingwe cha nsapato, m'nthaka inkaoneka yaifupi ndi yolimba, ngati sinadwalepo.

Imodzi inathyoka m'manja mwake. Anaiyang'ana, anaiika pambali, anatenga ina.

Msana unawawa. Maondo anadzaza matope. Kwa oyandikana nawo kunkamveka mbale ndi mayi akuitana mwana kuti akasambe.

Pomaliza inatsala kapu imodzi. Inali mbande imene inachira bwino kuposa zonse, yaitali kuposa zonse, ndipo Mzime anali ataipatsa dzina la mwini wake, Wamtali. Anainyamula n'kuyang'ana zenera la kukhitchini. Malo ake analipo. Kapu imodzi yokha, yoti Achimwene adzawokere ndi manja awo.

Anaitembenuza n'kuona kunsi. Mizu inali itatulukira pachiboo n'kupotana, nsonga zake zitayamba kufiira.

"Ayi," anaiuza. "Iwenso mwezi wako watha."

Anaizondotsa. Dothi linagwera m'chikhatho, mizu ili pamtunda.

Pomwepo wina anagogoda pageti.

"Odi kuno!"

Anali mawu a mwamuna. Mzime anatembenuka. Phazi limodzi linali litanyamuka kale. Anayang'ana kugeti, anayang'ana m'dzanja lake. Mbande yochotsedwa m'kapu siibwereramo, ndipo ukaisiya pansi mizu imauma.

"Dikirani pang'ono!" anakuwa.

Anagwada. Anaigoneka, anaikwirira mpaka m'khosi, anatsendera, anathira madzi. Kenako anathamanga.

7. Munthu wa pageti

Pageti panaima bambo wamfupi, wojintcha, atavala jekete lonyezimira la anthu ogwira ntchito pamsewu. Nsapato zake zinali ndi phula. Paphewa anakoleka chikwama.

Mzime anayang'ana kumbuyo kwa bamboyo. Kunalibe wina.

"Pano ndi kwawo kwa Wamtali?"

"Eya. Ndine mlongo wawo."

"Ndiye ndiwe wa matimati uja!" Bamboyo anaseka. "Anatiboola nawe makutu kumsasa. Ife tikufuna kugona, iye ali mlongo wanga wafesa, mlongo wanga wapatulira. Ine ndi mnzake, timagona tenti imodzi. Ndikupita kwathu kukaona ana, ndiye akapitawo anati ndidzere kuno."

Anasuzumira pamwamba pa mutu wa Mzime n'kuona mizere yonyowa kuseri kwa nyumba.

"Aa, mwawokera kale! Ndiye ntchito yatha, palibenso chonamizira. Kamuitane. Umuuze kuti akapitawo atopa n'kudikira, akapanda kuoneka Lolemba malo ake apatsa wina."

"Achimwene ali kuntchito."

"Kuntchito kuti?"

"Kumsasa. Kumene kulibe netiweki."

Bamboyo anasiya kuseka.

"Iwe, usandiseweretse. Wamtali anachoka kumsasa mwezi uno ukungoyamba. Anapempha masiku ochepa, anachita kuwagwadira akapitawo. Anati mbande zakula, akupita kwawo kukawokera ndi mlongo wake. Ndinamuperekeza ndekha kukakwera basi."

Mzime anayang'ana manja ake. Matope anali atayamba kuuma, akung'aluka m'mizere ya zikhatho.

Bamboyo anatsitsa chikwama paphewa n'kuchiika pansi. Anavula chipewa.

"Mwana iwe," anatero motsitsa mawu. "Kodi sanafike?"